Chaka Chimene Tonse Tinakhutira ndi Mano a Boma

Inu adzukulu anga, Tadala, Yamikani ndi iwe Mphatso, ndagula kope kuti nkhani iyi ndichite kukulemberani, poti ndikamayankhula pakamwa maso anu amakhala pa foni, mutu wokha ndi umene umavomera. Zilembo zanga mupirire nazo. Sukulu ndinalekera sitandade thuu chaka chimene amayi anga anadwala mwendo, zotsalazo ndinakatolera ku sukulu ya kwacha ndili kale ndi ana atatu.

Tsiku lometa maliro a agogo anu aamuna, iwe Tadala unapeza mano awo oikirira m'kapu pawindo. Unakuwa ngati waponda njoka, kenaka nonse atatu munapita kuseri kwa bafa kukaseka. Ndinakumvani. Sindinakwiye, eni ake akanakhalapo bwenzi akuseka nanu. Koma ndinaona kuti mukuseka chinthu chimene simukuchidziwa, chonsecho wina mwa inu mano ake ndi omanga ndi waya ngati khola la nkhunda. Unandiuza wekha, Tadala, kuti ukachoka kwa dokotala wa mano foni yako imakufunsa ngati wakhutira, ndipo tsiku lina unamupatsa nyenyezi ziwiri zokha chifukwa anakudikiritsa pa mpando wa khushoni. Unavutika kwambiri mwana wanga, pepa. Ifenso funso limenelo tinafunsidwapo, konkuno ku Nkhudzi, nthawi ya chipani chimodzi, ndipo yankho lake linatsala pang'ono kundiphera mwamuna ndili ndi mwana kumsana.

Muyambe mwadziwa kuti mano a msodzi sankagwira ntchito yotafuna yokha. Agogo anu a Saulosi anali ndi manja awiri ngati wina aliyense, lachitatu linali m'kamwa. Posoka ukonde, dzanja ili lagwira kamtengo kosokera, ili latambasula ukonde, ulusi uli pa mano. Akamanga mfundo ankadula ndi mano. Mpeni unalipo, unkakhala pambali pomwepo pa mchenga, koma mwamuna wa kunyanja kutola mpeni chifukwa cha ulusi, anzake akanamuseka mpaka ku Chembe. Pamene ndinkakwatiwa, ulusi wina ankachita kusolola m'matayala akutha a galimoto, wakuda, wouma ngati mtsitsi. Nayiloni itabwera tinati zinthu zapepuka, osadziwa kuti imacheka dzino mwakachetechete. Dzino lawo lakutsogolo linali ndi kanjira kakekake kodutsa ulusi.

Ndiye panali mchenga. Inu mumadya usipa woyanika pa thandala, wa m'pepala lomata bwino, ndipo mukapezamo kamwala kamodzi mumataya mbale yonse. Ife tinkayanika pansi, pa mchenga weniweni, ndipo kaya utsuke kangati, wina unkatsalira m'mitu mwa nsomba. Mapira tinkapera pa mphero, mwala ukudya mwala unzake, zonyenyekazo n'kumalowa mu ufa. Potsuka mano tinkatola phulusa, ena mchenga womwewo wa m'mbali mwa madzi, ati kuti ayere. Mphero ya amayi anga inatha mpaka kubooka pakati. Ngati mwala unabooka, dzino ndi ndani?

Pamene Esinati, amayi ako iwe Yamikani, ankatha msinkhu, mano a agogo anu anali atafupika mpaka kulingana ndi nkhama, ngati zitsa za m'munda wotentha. Madzi a mumtsuko ankawathawa, ankamwa oyamba awaika padzuwa. Mwera ukaomba ankapalasa bwato atatseka pakamwa kuti mphepo isawalase. Koma kudya ankadya, ndipo sindinawamvepo akudandaula.

Chaka china, chimanga chitangouma m'munda, kunabwera galimoto yoyera ya anthu a kafukufuku ochokera ku mzinda. Ati amafuna kudziwa chifukwa chimene mano a anthu a kunyanja amaperepesekera msanga. Akanandifunsa ine ndikanawauza ali chiimire, osazimitsa n'komwe galimoto, koma anthu ophunzira sakhulupirira chinthu asanachiyeze. Anali dokotala wachizungu wamtali, wosadziwa Chichewa kupatula moni, ndi mtsikana wa ku Ntcheu amene ankaphunzira udokotala wa mano, tinkamutchula kuti a Nangozo. Anabwereka kalasi imodzi pa sukulu ya ana. Pakhomo pa kalasiyo panakhala a Mpesi, a tcheyamani a chipani m'mudzi muno, kuona makhadi. Masiku amenewo khadi la chipani linkafunika pa msika, pa basi, pa chigayo. Chaka chimenecho tinaphunzira kuti limafunikanso potsegula pakamwa.

Ankakukhazika pa mpando, n'kulowetsa kagalasi ka pa kamtengo kachitsulo m'kamwa. Mzungu ankatchula manambala dzino ndi dzino, a Nangozo n'kumalemba. Kenaka mafunso. Mumadya chiyani, mumatsuka ndi chiyani, mumagwira chiyani ndi mano. Che Bwanali, mnzawo wa agogo anu wa bwato limodzi, atafunsidwa ngati amakukuta mano akagona, anati, "Kafunseni akunyumba, ine nthawi imeneyo ndimakhala kulibe."

Mzungu uja ataona m'kamwa mwa agogo anu anasangalala zedi. Anaitana a Nangozo kuti adzaone, anayeza ndi kachitsulo, anatulutsa kamera. Zaka makumi awiri ndili pa banja ndi munthu ameneyu, ndinali ndisanaone wina akumukondwera chotero. Anawajambula m'kamwa katatu. Nkhope sanaijambule.

Potsiriza anasankha anthu amene mano awo anatheratu, kuti akawazule zitsa zija n'kuwapangira oikirira. Agogo anu anali oyamba pa mndandanda, Che Bwanali achiwiri. Dzina la a Mpesi panalibe, chifukwa mano awo, ngakhale tiyi anali atawawononga, ena akanatha kutsala. A Mpesi sanamve zimenezo. Anati chitukuko sichingalumphe mtsogoleri n'kukagwera anthu wamba, anthu angaone ngati a tcheyamani akukayikira ntchito ya boma. Anakakamira mpaka anawalemba.

Ku boma anapita katatu pa lole, ku nyumba ina imene a kafukufuku anabwereka. Ulendo woyamba, wokazula, ndinapita nawo nditanyamula phala m'chitini. Inu mumati ku Mangochi ndi pafupi chifukwa mumakwera minibasi pa tala, mukugona. Ife tinanyamuka dzuwa likutuluka, tinafika tili ofiira ndi fumbi ngati chiswe, matako atatupa ndi mabampu. Pobwerera, anyamata a chipani anaimitsa lole pamsewu kuti tiimbe nyimbo yotamanda mwini dziko tisanadutse. Amuna asanu ndi atatu, thonje lili tho m'kamwa, magazi akudontha pa malaya, anaimba ndi mphuno. Anyamata aja anati mawu sakumveka, abwerezenso. Anabwereza.

Ulendo wachiwiri anakaluma phala lina lolimba kuti atenge muyezo. Wachitatu anabwera nawo mano. Kunachitika mwambo pa bwalo la sukulu, ife amayi titavala nsalu za chipani n'kuvina mpaka miyendo kuwawa. A Mpesi analankhula nthawi yaitali, malovu akuthawa m'mbali poti mano anali asanawazolowere. Anati kale atsamunda ankatizula mano n'kutisiya choncho, lero boma lathu likuzula n'kubwezera. Anaimika amuna asanu ndi atatu aja pamzere kuti amwetulire anthu.

Ndisaname, agogo anu anakongola. Masaya anadzaza, anaoneka ngati mnyamata uja anandipeza ndikutsuka mbale kunyanja n'kundifunsa dzina kawiri ngati sanamve. Pobwerera kunyumba ndinkangowayang'ana m'mbali. Anandigwira ndikuwayang'ana, anati, "Amake Esinati, samalani, mano a eni ake awa."

Kukongolako kunatha sabata zitatu. Mano apansi anayamba kugwedera. Akati atafune, m'mphepete mwake munkacheka nkhama ngati mpeni wosanola. Panatuluka zilonda, zilonda zinayera, m'kamwa munayamba fungo. Nsomba anasiya. Mbatata anasiya. Anatsala pa phala, lomwenso ankalimeza atapendeketsa mutu. Ndinawauza kuti angowavula mpaka apole, koma a Mpesi anali atanena kale pa msonkhano kuti wovula mano a boma pagulu akunyoza amene anamupatsa. Choncho kunyanja ankavala, ku tchalitchi ankavala, pa maliro ankavala. Ankavula akalowa m'nyumba, ndipo mmawa zilonda zisanaume ankavalanso.

Imeneyo inali nyengo ya mwera, nthawi imene bwato limafuna mwamuna wakudya. Ndinkaona lamba akusuntha bowo ndi bowo mpaka anaboola lina ndi msomali. Tsiku lina masana Che Bwanali anabwera nawo atawakoleka paphewa. Ati anaimirira kuti akoke ukonde, maso anachita mdima, anagwera m'bwato. Akanagwera mbali inayo bwenzi nkhaniyi ikuthera pomwepa, ndipo iwe Mphatso, bambo ako anali asanabadwe.

Che Bwanali anandikokera pambali. "Alamu, munthu uyu akutha."

"Nanga inu, Che Bwanali, anu akukukhalani bwino?"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kunena chapansipansi. "Ine ndimameza nsomba yosatafuna ngati mbalame ya vuwo. Koma simunamve kwa ine."

Ku boma kunalibe kopita, a kafukufuku anali atabwerera ku mzinda. Chimene anasiya ndi lonjezo lakuti pakatha miyezi itatu adzabwera kudzafunsa ngati anthu akhutira nawo manowo. Ine ndinkawerenga masiku amenewo ngati mayi wapakati. Ndinkati akangobwera, a Saulosi anena, madokotala akonza, munthu wanga adya.

Kutatsala tsiku limodzi, a Mpesi anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa bwemba. Anati, "Mawa kubwera mlendo ndi mapepala. Pepala lililonse lili ndi dzina la mwini wake pamwamba, ndipo likupita ku likulu. Ine sindikuuza munthu choyankha, dziko lino ndi la ufulu. Koma munthu wosakhutira ndi mphatso ya boma lino, sindikudziwa kuti akufuna boma liti."

Inu simungamve kulemera kwa mawu amenewo, mumatukwana atsogoleri pa foni muli gone pa sofa. Ife tinkadziwa za mphunzitsi wina wa ku Chowe amene ananena m'basi kuti msewu waipa. Anamutsitsa asanafike kumene ankapita, ndipo mkazi wake anadikira mvula ziwiri asanamuonenso. Msewu wake unali woipadi, tinkaudziwa tonse.

Titafika kunyumba ndinagwada pafupi ndi mkeka wawo. "Abambo a Esinati, mawa mungonena kuti akukupwetekani. Basi. Simukunena boma, mukunena nkhama zanu."

"Nkhama zanga zavala chiyani?"

"Mukufa ndi njala."

"Ndiye mukufuna ndikamwere phala kundende? Bola la pakhomo pano, mumathirako mchere."

Mmawa mwake galimoto yoyera inatsitsa a Nangozo okha, n'kupitirira ku Chembe kukasiya ena, ati idzawatenga madzulo. Anakhala m'kalasi muja ndi mapepala ndi kachikwama kachikopa. A Mpesi anakoka mpando n'kukhala pambali pawo, ati kuthandiza mlendo. Ife akazi tinaunjikana pawindo.

A Nangozo anayamba bwino. Anati, "Amene akumva kupweteka anene, ndabwera ndi zida m'chikwamamu." Amuna asanu ndi atatu anamwetulira onse pamodzi, kuyera kokhakokha.

Pepala lija linali ndi mayankho asanu, kuyambira kukhutira kwambiri mpaka kusakhutira n'komwe. Anayi enawo anangowononga inki. Che Bwanali, munthu woswali kasanu pa tsiku, ananena pamaso pa anthu kuti mano a boma aposa amene anawapatsa Mulungu. Kenaka anaitana agogo anu. Anayenda mogwira madesiki.

"Bambo Saulosi, mwakhutira nawo bwanji mano anu?"

"Kwambiri."

"Mumatha kutafuna nyama?"

"Ndi mafupa omwe."

"Pali pamene pakupweteka?"

"Pamene boma lagwirapo sipapweteka, adokotala."

A Mpesi anawomba m'manja. A Nangozo anawayang'ana agogo anu kanthawi, anayang'ana malaya amene ankangolendewera pa mapewa, koma munthu wamkulu wanena yekha, akanatani? Anachonga pa pepala. Ine ndinali pawindo, mwana kumsana. Mkazi kutsutsa mwamuna wake pagulu, pamaso pa a tcheyamani, pa nkhani ya boma, ndikanapha banja ndi mwamuna yemwe tsiku limodzi. Ndinaona kachikwama kaja kakubwerera pansi pa tebulo kosatsegulidwa.

Mafunso anatha dzuwa lisanafike pamutu, poti anthu okhutira sachedwetsa. A Mpesi anathamangira kwawo kukaona ngati nkhuku ya mlendo yapsa. A Nangozo anatsala ataima pamsewu ndi chikwama chawo, pa dzuwa. Nyumba yathu yakale ija inali pafupi ndi msewu, pamene pali chigayo pano. Ndinapita, ndinagwada.

"Adokotala, dzuwa ili si la anthu a ku Ntcheu. Tiyeni mukakhale pa khonde."

Anabwera. Ndinawapatsa mpando, agogo anu anatuluka kudzapereka moni n'kukhala pa mpando winawo, poti mlendo wa boma sakhala ndi akazi okha. Ine ndinalowa kukhitchini. Munali mbatata, munali nthochi zakupsa, zofewa bwino. Ndinazidutsa. Ndinatapa chimanga cha makolo cha chaka chatha, chija cholimba chimene ngakhale anankafumbwe amachilemekeza, ndinaika phale pamoto n'kukazinga osanyika m'madzi. Ndinawaza madzi a mchere, ndinathira mu nsengwa.

Pali mwambo umene inu munautaya, poti kwanu mlendo mumamupatsa botolo lotseka ndi kampani. Kwathu kuno chakudya chikafika pamaso pa mlendo, mwini nyumba ndiye amayamba kutapa n'kudya mlendo akuona. Mlendo sadya chimene mwini nyumba akuchiopa. Mwini nyumba akakana kuyamba, ndiye kuti akunena kuti m'chakudyamo muli kanthu, ndipo mawu amenewo kwa mlendo wa boma anali oopsa kuposa kudandaula za mano.

Ndinaika nsengwa pakati pawo. "Abambo, yambitsani mlendo, ine ndikatunge madzi akumwa."

Anandiyang'ana. Pa zaka zonse zimene ndinakhala nawo, mpaka tsiku limene ndinawatseka maso, sanandiyang'anenso choncho. Ine ndinalowa m'nyumba n'kuima kuseri kwa chitseko, chikho chili m'manja.

Anatapa. Anaponya m'kamwa. Ndinamva kuphwanyika kamodzi, kenaka mano apansi anatembenuka n'kugunda apamwamba. Anawakankha ndi lilime, anapitiriza kutafuna. Misozi inkatsika, iwo akumwetulira mlendo. Pa kutafuna kwachitatu magazi anatulukira pa ngodya ya mlomo n'kutsikira ku chibwano.

A Nangozo anabweza chimanga chimene anali atatapa. "Bambo, tavulani ndione."

"Palibe vuto, adokotala. Ndaluma lilime."

"Sindikulemba. Mapepala ali m'chikwama. Mayi, tatulukani kuseri kwa chitsekoko mudzandigwirire cholemberachi."

Ndinatuluka, ndinalandira cholembera ndi manja awiri. Agogo anu anayang'ana kumsewu, anayang'ana kwa aneba, kenaka anavula. A Nangozo anasuzumira m'kamwa ndi kagalasi kaja.

"Zakhala chonchi kuyambira liti?"

Mtsikana uja anatembenukira kwa ine.

"Ine sindinanene kanthu, adokotala," ndinatero. "Ndangokazinga chimanga."

Anapumira m'mwamba, n'kutsegula chikwama. Anatiuza kuti mano akazulidwa nkhama zimafota pang'onopang'ono ngati nsomba ya pa dzuwa, ndiye mano oikirira amene anakwana mwezi woyamba amayamba kugwedera ndi kucheka. Ati zimachitika kwa aliyense, ngakhale kwa azungu, ndipo si kulakwa kwa boma kapena kwa munthu. Mankhwala ake n'kupala pamene pakukhula. "N'chifukwa chake tinabwera kudzafunsa," anatero. "Funso lija silinali mayeso."

Miyezi itatu munthu akumwa phala, mudzi wonse ukunjenjemera, chonsecho nkhani yake inali ya tupa chabe.

Anafinya mankhwala oyera a m'kachubu, anapaka m'kati mwa mano aja, anawaveka, anati alume pang'ono. Atavula, pamene mankhwala anafufutika ndi pamene pankakhula. Anapala pamenepo ndi katupa kakang'ono, anasalaza, anapakanso, anavekanso. Kanayi kapena kasanu. Agogo anu, ululu uli apo, maso anali pa manja a mtsikanayo. Munthu wosoka maukonde saona ntchito ya manja n'kuisiya idutse.

"Tupa wonolera mbedza angathe?" anafunsa, m'kamwa muli pululu.

"Wosalala, ndipo pang'onopang'ono. Mukapala kwambiri simungabwezere."

Anawapaka mankhwala a buluu pa zilonda, anati azichukucha madzi a mchere ndipo manowo akhale m'kapu sabata yathunthu, kaya wina anene chiyani. Kenaka analandira cholembera chake kwa ine, n'kuchigwira osatulutsa mapepala m'chikwama.

"Bambo, yankho lanu lija ndisinthe?"

"Musasinthe."

"Nanga anzanu aja, nawonso m'kamwa muli chonchi?"

"Anzanga aja akhutira, adokotala. Munamva nokha."

Sanakakamize. Nayenso anali ndi khadi m'thumba ndi makolo ku Ntcheu. A Mpesi atatulukira kudzatenga mlendo kuti akadye nkhuku, agogo anu anali atalowa kale m'nyumba, ine ndikusesa khonde. Pa khonde panatsala kachubu ka mankhwala oyera kaja. Munthu wosamala zida zake ngati ameneyo, sindikhulupirira kuti anachita kuiwala.

Sabata imeneyo ndinauza anthu kuti agogo anu akudwala malungo, kuti asatuluke opanda mano. Iwo sanandiyankhule masiku asanu ndi limodzi. Ndikaika phala ankamwa atafulatira. Akafuna madzi ankauza khoma. Ine sindinapepese, nawonso sanafunse. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anavala mano, anakhala pa khonde, ndinawapatsa mbatata yophika. Anadya imodzi, anadikira ululu, sunabwere. Anadya yachiwiri. Madzulo ake ndinawotcha utaka, anatafuna ndi mitu yomwe, ine nditakhala potero ndikunamizira kusankha nyemba.

Atamaliza anasamba m'manja, n'kunena akuyang'ana kunyanja, "Amake Esinati, nthochi zinalipo tsiku lija."

"Zinalipo."

"Ndinaziona."

Nkhani inathera pomwepo, ndipo sitinaitchulenso mpaka imfa yawo. Masiku ano ndikaphika ndimapezeka ndatulutsa mbale ziwiri, ina n'kuibweza. Koma zimenezo si zanu, inu mudakali ndi zaka zoti muzikangana ndi anthu amoyo.

Atabwerera kunyanja, Che Bwanali anaona mnzawo akutafuna chinangwa chootcha m'bwato. Sanafunse pagulu. Anabwera masana ena ndi mano awo atakulunga m'kansalu, agogo anu anatenga tupa wa mbedza ndi kachubu kaja, anakhala kuseri kwa nkhokwe. Patapita masiku anabwera wina, kenaka wina. Aliyense ankabwera yekha, ati kudzabwereka nkhafi, ndipo ankabwerera wopanda nkhafi. Mudzi wa anthu okhutira unali ndi njira yopita kuseri kwa nkhokwe yathu.

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, ndili pa khonde, ndinaona a Mpesi akukhota pamsewu kulunjika kwathu. Ndinati basi, wina wakaulula kuti pakhomo pano tikupala katundu wa boma. Ndinamanga nsalu molimba, ndinayamba kuganiza kuti ana ndiwasiyira ndani. Koma anali okha, opanda anyamata awo, ndipo atayandikira ndinaona kuti khosi lawo likusambira m'kolala ya malaya.

Ndinawapatsa mpando, ndinaitana agogo anu. Anapatsana moni. A Mpesi anayamba za mwera, kuti chaka chino waomba nthawi yaitali. Anapita ku za mbuzi za aneba zimene zikudya chinangwa. Anafunsa ngati denga lathu silidontha. Agogo anu ankangovomera, manja ali pa mawondo. Nkhani zitawathera, a tcheyamani anayang'ana kumsewu, anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa kansalu komanga mfundo. Anakaika pa mpando pakati pawo osakamasula. Apo m'pamene ndinazindikira kuti nthawi yonseyi ankalankhula milomo itagwera m'kati.

Agogo anu anakayang'ana kansalu kaja nthawi yaitali.

"Koma a tcheyamani, paja inu munakhutira."

"Kwambiri, a Saulosi. Ndipo ndidakali wokhutira." Anatsegula pakamwa n'kuloza ndi chala kumanzere, pansi. "Mupale apa."

Agogo anu ananyamuka kukatenga tupa. Ine, adzukulu anga, ndinalowa kukhitchini n'kuwaphikira a tcheyamani phala lamadzimadzi, lothira mchere pang'ono. Anamwa mbale ziwiri, n'kupempha kuti zimenezi zisamveke kuchipani.